Tsiku lomwe "a" sanabwere ku ntchito

Dzulo madzulo inandilembera pagalasi
kuti ndisaizimitse, ikudzikonza.
Ndinamvera. Ndinakhoma kontena,
ndinakwera kabaza wa ku M'baluku,
iyo ikudya bandulo yanga mumdima.

M'mawa woyamba kufika ndi Abiti Sumani,
pepala lopinda kanayi m'kachikwama ka foni:
malamulo a banki m'khonde,
makope khumi ndi asanu, isanakwane thwelofu.

Ndinayamba ndi dzina la tauni yathu.
Mngochi.
Ndinafufuta, ndinabwereza.
Mngochi.
Malamulo anasanduka mlmulo,
ndalama zinafota n'kukhala ndlm,
chiwongoladzanja chinaguluka mano.
Ngongole yokha ndiyo inatuluka yathunthu,
yosasowa kanthu, ngati kale.

Tayesani inu kulankhula chinenero chathu
"a" atakuthawani.
Simungaitane amayi. Simungapepese bwino.

Ndinaitembenuza chadodolido, ndinaigwedeza.
Munagwa nyenyeswa za mandasi a Lachiwiri,
mchenga, ndi nyerere imodzi yakufa kale.
Ndinauzira mpweya mpaka chizungulire.
Ndinatokosa ndi kamtengo ka machesi.
Batani lili phee, ngati mlonda wosalipidwa.

Abiti Sumani anayang'ana dzuwa, anayang'ana ine.
Anati, mwanangu, kale tinkalemba pamanja.

Ndinaikulunga m'chitenje kuopa fumbi,
ulendo kuseri kwa depoti, kwa Twaibu,
amene benchi yake ndi manda a mafoni.
Sanatenge sikuludalaiva.
Anabaya fulashi yake, anaidzutsira m'menemo,
anagunda pomwe ndinagunda ine m'mawa wonse,
ndipo "a" anatulukira, wonenepa, wosachita manyazi.

Batanili ndi lamoyo, anatero.
Wakulakwirani ndi dalaivala.

Dalaivala uti? Ine ndilibe minibasi.

Anaseka mpaka waya anagwa pakamwa.
Anati m'katimu muli wina
amene amanyamula zilembo kuchokera ku chala
kukazitsitsa pagalasi.
Usiku uja anakubweretserani watsopano,
wa mapepala ake abwinobwino,
koma msewu wa makina okalambawa sakuudziwa.
Akudutsa siteji, pasinjala ataimika mkono.

Ndiye titani?
Tibweze wakale.

Anatsegula kaundula wa ziwalo zonse,
anatsika ndi mbewa mpaka pa kiyibodi.
Pobwezera wakale panali potuwa, posadinika.
Anatsonya.
Anachotsa watsopanoyo ndi katundu wake yemwe,
anazimitsa, anayatsa,
tinadikira,
kondakitala panja akukuwa za Namwera,
thukuta likutsika m'khosi,
kabwalo kakuzungulira, kakuzungulira.

Lembani, anatero.

Ndinaika chala pang'onopang'ono
ngati poyesa ayironi.
aaaaaaaa
Ndinachisiya pomwepo, mzere wonse unadzaza,
kukuwa kwa munthu amene wapeza mbuzi yake.

Twaibu anatseka pakhomo polowera zatsopano,
kwa masabata asanu okha, akuti kupitirira apo sizilola.
Adzabweranso usiku wina osagogoda.
Mukadzaona zayambanso, musadzatokose ndi machesi.
Faifi sauzande.
Ndinamupatsa folo, ndi lonjezo.

Pobwerera ndinaganiza za malume Ndembo,
zaka makumi awiri pa lole ya ufa ndi simenti,
amene ankadziwa dzenje lililonse kuchokera ku Liwonde.
Anawachotsa chaka chatha, anaikapo mnyamata wa satifiketi.
Iwo palibe anawadinira pobwezera.

Abiti Sumani ndinawapeza pa benchi pomwe ndinawasiya,
akusenda mtedza, makoko ali m'chikhatho.
Ndinalemba Mangochi, yense ndi "a" wake.
Ndinalemba ndalama, zinakwana.
Makope khumi ndi asanu anatuluka ofunda,
thwelofu itapitirira ndi mphindi makumi anayi.

Anawerenga ndi chala, mzere ndi mzere,
anafika pa lamulo lachisanu ndi chiwiri,
lomwe amalemba okha dzulo:
wochedwa ku msonkhano alipire faifi handiredi.
Anandiyang'ana.
Ndinatsegula kabati, ndinawapatsa.